Nyimbo imodzi sachezera gule

Atsibweni anga adabwerako ku Joni ndi njinga, bulangete lamizeremizere, gitala ndi nyimbo imodzi. Njingayo idatha ndi matumba a chimanga opita kuchigayo, bulangete adapita nalo kumanda, gitala ikadali kudenga mpaka lero. Za nyimboyo ndiye nkhani yanga.

Kwathu n'kuseri kwa Nathenje, kumene ukakwera pachulu madzulo umaona phiri la Ngala ya Pakamwa litayasamula. Dzuwa likapendeka atsibweni ankabwerako kudimba, kusamba m'manja, kukhala pakhonde, n'kuyamba kuchuna. Gitala yawo idali ndi nsambo zisanu. Yachisanu ndi chimodzi idaduka ine ndisadabadwe, ndipo eni ake sadaone chifukwa chogulira ina. Kuchuna kokha kunkatenga nthawi yoti madzi a nsima atenthe. Zikatheka, nyimbo ija inkayamba. Dzulo yomweyo, lero yomweyo, ndipo ngakhale nkhuku zokwera mumtengo wa mango zinkadziwa kuti mawa ikhala yomweyo. Mawu idalibe, kupatula kung'ung'udza kwapakhosi kumene kunkabwera apa ndi apo.

Akazi awo, akusadzula nkhwani cha kukhitchini, ankaponya mawu osatembenuka n'komwe.

"Inu aPhiri, nyimbo imodzi sachezera gule."

Iwo, maso ali pa nsambo, ankayankha: "ANabanda, gule mwamuona pati pano?"

Ife ana tinkaseka, tili kumbali ya mayiwo. Onse awiri adatisiya kale, koma mlandu wawo ndikuuzengabe.

Ndiyambe ndapereka ulemu kwa mwambiwu, poti ndi wamkulu kuposa tonsefe. Udabadwira pabwalo, ndipo pabwalo sunama. Amene adachezerapo pa chimtali, kapena pa gule wamkulu tsiku lolonga mfumu m'midzi ya kwa Chadza, amadziwa mmene usiku umatalikira. Mame akagwa ng'oma zimafooka, anyamata n'kuthamanga nazo kukaziwamba pamoto wa mapesi. Manja a amayi amawawa ndi kuomba. Chimene chimagwira anthu kufikira tambala woyamba n'chakuti nyimbo ikangoyamba kuzizira wina amaponya ina, ndipo miyendo imene idalema imadzukanso. Chilombo chilichonse chimatuluka ndi nyimbo yake ndi kapondedwe kake. Woyambitsa nyimbo akakakamira imodzi, mudzaona amayi akuzemba mmodzimmodzi, uyu ati mwana akulira, uyo ati ndasiya moto.

Kunja kwa bwalo nako mwambiwu wagwira ntchito. Mlimi wa ku Mitundu amene adaika mtima wonse pa fodya, chaka chimene mitengo idagwa ku okushoni ya ku Kanengo sadasowe womutanthauzira. N'chifukwa chake lero kuseri kwa zigafa mumapeza soya, mtedza ndi khola la nkhumba. Ndamvaponso amuna ena akuutchula mwambiwu atagwidwa ndi chibwenzi chamseri, koma imeneyo ndi ya ankhoswe, ine sindilowako.

Pamene pamandivuta ine ndi pa liwu loti "imodzi". Nyimbo amaziwerenga ndani, ndipo amawerenga chiyani?

Kwerani minibasi ya ku Mitundu pa Bunda Turn-off. Dalaivala ali ndi kakhadi kochepa ngati chikhadabo, kamene anyamata a makompyuta pamsika adamudzazira nyimbo mazanamazana. Pofika pa koleji ya Bunda mwamva khumi kapena kuposa: oimba osiyana, maina osiyana, ina yauzimu, ina yachikondi, ina yodandaula kukwera mtengo kwa feteleza. Koma tatcherani khutu ku zapansi. Ng'oma ndi yomweyo ya m'kompyuta, makiyi atatu omwewo, polowera pomwepo, potulukira pomwepo. Potsika pa Mitundu mutu walemera ngati mwamva nyimbo imodzi ulendo wonse. Ndipotu mwamvadi imodzi.

Tsono taonani izi. M'chaka cha 1720, ku Germany, Johann Sebastian Bach adasonkhanitsa nyimbo zake zoimba pa vayolini yokha, popanda choimbira china chothandiza. Mwa izo muli chigawo chotchedwa Chaconne, chotenga mphindi pafupifupi 15. Maziko ake ndi kachidutswa kakafupi, koti mungakang'ung'udze mpweya usadakuthereni, ndipo kamabwera koposa ka 60. Koma sikabwera kawiri ndi nkhope imodzi. Poyamba kamayenda mwaulemu ngati mfumu yolowa m'bwalo la milandu, kenaka kamathamanga ngati madzi a mumfuleni mvula itangokata, pakati kamawala mwadzidzidzi, n'kubwereranso kumdima kumene kadachokera. Andrés Segovia, katswiri wa ku Spain, adaisamutsira nyimboyi pa gitala n'kuiimba ku Paris mu 1935. Okonda vayolini ena adanyinyirika, poti masiku amenewo ambiri ankaiona gitala ngati choimbira cha kumowa. Lero woimba gitala wotsata mapazi a Segovia amayesedwa msinkhu ndi nyimbo yomweyi.

Ine ndidaimva koyamba ndili wamkulu kale, pafoni, usiku wina magetsi atazima. Manotsi sindiwadziwa. Koma isadafike pakati ndidangopezeka ndili pakhonde la ku Nathenje. Chala chamanthu cha atsibweni chinkayenda njira imodzi pa nsambo zazikulu, kupita n'kubwera ngati mayi wa kuchitsime. Chamkombaphala ndicho chinkasochera dala. Lero chichedwe pang'ono, mawa chidumphe. Tsiku limene mbuzi zalowa m'dimba chilume nsambo mwaukali. Tsiku limene kwabwera kalata ya mnzawo wa kumgodi chingoyenda monyang'ama. Ife ana, pamodzi ndi aNabanda, tinkamva chala chamanthu chokha. N'chifukwa chake tinkati nyimbo ndi imodzi.

Ntchito imene adagwira Segovia ili ndi akatswiri ake, ndipo ine ndimaiyerekeza ndi kuwokera fodya. Mbande ikakhala panazale imamwa madzi m'mawa ndi madzulo. Isadapite kumunda mlimi amaimeta masamba, kuichepetsera madzi kuti ikhwime, podziwa kuti kumene ikupitako kulibe woithirira. Nyimbo nayo, pochoka pa piyano kupita pa gitala, imametedwa. Piyano ili ndi makiyi 88 ndipo zala zonse khumi zimaliza. Gitala ili ndi nsambo 6, dzanja lamanzere likungokanikiza, lamanja lokha likukodola. Zonse sizingalowe. Wosamutsa nyimbo amakhala pansi n'kusankha: liwu ili ndi msana, lisachoke; ili ndi nthenga chabe, lipite. Akalakwitsa, nyimbo imafota ngati mbande yowokera pa ng'amba. Akakhoza, imakula kuposa mmene ikadakulira panazale.

Isaac Albéniz adalemba nyimbo imene lero imadziwika kuti Asturias m'zaka za m'ma 1890, ndipo adailembera piyano. Iye sadalembepo nyimbo ya gitala, koma m'makutu mwake munkalira magitala a kwawo ku Spain, ndipo pa piyanopo ankawatsanzira. Oimba gitala ataitenga n'kuitsitsa kiyi kuti ikwane pa nsambo zawo, zidakhala ngati mwana wokulira kwa abambo wabwerera kwa amayi ake. Lero ambiri oidziwa sakhulupirira mukawauza kuti idabadwira pa piyano. Nyimbo za achinyamata nazo zidawokeredwa. Toru Takemitsu wa ku Japan, m'zaka za m'ma 1970, adatenga zina za gulu la The Beatles, zija anthu ankazikuwira m'mabwalo a masewero, n'kuzikonza kuti munthu mmodzi aziimbe pa gitala mwakachetechete. Amene adazivina ali mnyamata atha kuzimvanso tsopano atakhala pansi ndi imvi zake, ndipo sanena kuti ndi nyimbo yomweija.

Tisayese kuti luso limeneli n'lachilendo kuno. Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, adabwera ndi maimbidwe a ku Ulaya n'kuwaveka mawu a chinenero chathu. Pitani pasiwa ku Mitundu mukamve chimene amayi a Chigwirizano adachita nazo nyimbozo. Amazikoka, amazipinda, wina amalowa mochedwa dala, wina amakwera pamene buku silidalembe, moti mwini wake wa kutsidya la nyanja atadzuka sangaizindikire msanga yake. Ndipo pasiwa pomwepo ndi pamene mwambi wathu umapunthwa chala. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, mawu atasasa, moto wa abambo panja utatsala makala, amayi amagwira nyimbo imodzi n'kumangoizungulira, ndime yomweyo, kakhumi, kamakumi awiri. Palibe amene amazemba. Namfedwa amene madzulo amadzigwetsa pansi wayamba kupuma bwino, mutu uli paphewa la mnzake. Pamenepo kuponya nyimbo yatsopano kungakhale chipongwe. Chimodzimodzi mayi wogoneka khanda: sasintha nyimbo, poti kusintha n'kumudzutsa mwana. Akale adati gule. Sadati maliro, sadati tulo. Ndife tidaukoka mwambiwu kuti ufunde paliponse, ndipo kwina mapazi ali pamtunda.

Komabe ndisafulumire kugamula mokomera atsibweni. Pali nyimbo ina ya gitala imene pafupifupi aliyense ku Mitundu ndi ku Nathenje adaimvapo, ngakhale sadziwa kuti ndi ya gitala. Francisco Tárrega wa ku Spain, amene adabadwa mu 1852 n'kumwalira mu 1909, ndi mmodzi wa makolo a kaimbidwe kaja ka gitala ka Segovia, ndipo nayenso ankasamutsira pa gitala nyimbo za Beethoven ndi Chopin. Mu 1902 adatulutsa Gran Vals, nyimbo yofewa yovina awiriawiri. M'zaka za m'ma 1990 kampani ya Nokia idabudulako manotsi 13 n'kuwaika m'mafoni ake. Mafoni atafika kumudzi, Tárrega adayamba kulira m'matumba a mavenda a mtedza, m'mipango ya amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje, ngakhale m'tchalitchi pakati pa pemphero, mwini foni akupapasa m'thumba ndi manyazi. Imeneyo ndiyo nyimbo imodzi yeniyeni. Aimbe ndi wachikondi, aimbe ndi wangongole, aimbe ndi wa uthenga wa maliro, iyo sichedwa, sifulumira, sidziwa kuti mbuzi zalowa m'dimba. Sipadapite nthawi anthu adatopa nayo n'kuyamba kuikamo zina. Apa aNabanda apambana, ndipo ndilibe powatsutsira.

Ulendo wina udayenda chobwerera, kuchoka kuno ku Africa kupita kutsidya la nyanja. Mu 1952 Hugh Tracey, amene ankazungulira maiko a kuno ndi makina ojambulira mawu ndipo adafikanso ku Nyasaland, adakumana ndi mnyamata wa gitala ku Jadotville, tauni ya migodi ku Congo imene lero ndi Likasi. Dzina lake Jean Bosco Mwenda, nyimbo yake Masanga. Kaimbidwe n'komwe kaja ka pakhonde lathu: zala ziwiri, chamanthu chikugwira pansi ngati mpanje, chamkombaphala chikulankhula pamwamba ngati mbalule. Nyimboyo idayenda. William Walton wa ku England adatapako polemba nyimbo ya gulu lalikulu la zoimbira yokondwerera mzinda wa Johannesburg mu 1956, mzinda womwewo umene achibale athu ankaukumbira golide. David Rycroft adakhala pansi n'kuilemba m'manotsi, chala ndi chala. Mu 2002 John Williams, katswiri wa gitala wobadwira ku Australia (osati uja wa nyimbo za m'mafilimu), adaiika pa chimbale chake cha nyimbo za mu Africa chotchedwa The Magic Box, dzina la Mwenda lili pomwepo.

Ndazimvera zonse ziwiri kangapo. Ya Williams ndi yoyera ngati malaya ositidwa a Lamulungu, liwu lililonse lili pamalo pake, nsambo za nayiloni zikulira mofewa. Ya Mwenda ili ndi fumbi. Mawaya ake amalira mouma, ndipo m'kayendedwe kake muli kakutsimphina kena kokoma kamene pepala silingagwire. Mukandifunsa, ine ndisankha ya Mwenda. Koma ndikunena izi ndikudziwa kuti alipo amene adamupeza Mwenda polondola mapazi a Williams, ndipo akadapanda kutero sakadamumva mpaka kufa.

Derek Gripper wa ku Cape Town adanyamula mtolo wolemera koposa. Kora, choimbira cha ku Mali ndi maiko oyandikana nalo, ili ndi nsambo 21. Iye adamvetsera zimbale za Toumani Diabaté mpaka adapeza njira yolowetsera nyimbozo pa nsambo 6, n'kutulutsa chimbale chake mu 2012. Umu ndi mmene gitala ilili: imafuna kukhala bwalo lonse payokha, woimba ng'oma, woyambitsa nyimbo ndi ovomera onse m'manja mwa munthu mmodzi. Kwathu kuno amene adaidziwa bwino mbali imeneyi ndi Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, wobadwa mu 1947, womwalira mu 1987. Iye ndi mng'ono wake Donald adatenga kwela, nyimbo za m'misewu ya ku Joni ndi ku Salisbury, n'kuziwokera m'dothi la kuno. Akakhala yekha ndi gitala, Daniel ankamveka ngati anthu atatu. Tikumumvabe lero chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana nawo anyamatawa mu 1967 n'kuyamba kuwajambula, komanso chifukwa wailesi ya MBC inkaika nyimbo zawo. Nanga mwa ophunzira gitala a ku Lilongwe, ndi angati amene adakhalapo pansi kuti atole nyimbo imodzi ya Kachamba chala ndi chala? Ana athu amamudziwa Tárrega pa YouTube; Kachamba amangomumva dzina, ngati la agogo a mnzawo.

Kujambula nyimbo kuli ngati kufutsa ndiwo. Mfutso umakupulumutsa m'chilimwe, koma si nkhwani wa m'dimba. Masanga ya 1952 idzalira chimodzimodzi mpaka kalekale, pamene zimene Mwenda adachita nayo tsiku lotsatira, pabwalo lina, pamaso pa anthu ena, zidapita ndi mphepo. Makina ndiwo amasandutsa nyimbo kukhala imodzi. Koma mfutso ukagwa m'manja mwa mayi wodziwa kutendera umadzukanso. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, adaimba Linny Hoo kwa zaka zambiri ndi gitala yake yopanda magetsi. Mu 2020 Patience Namadingo adakhala naye pansi n'kuimba naye nyimbo zakezo m'kamvekedwe ka reggae, ndipo pofika kumapeto kwa 2021 ana a maiko akutali, osadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa, adali kuivina pa TikTok. Gule wa dziko lonse adachezera ndi nyimbo imodzi ya mkulu wa zaka zoposa 90. Za ndalama zimene nyimbo yotere imakolola ndi nkhani ina yaitali. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuti wowokera asaiwale mwini nazale, ngakhale kulondola nyimbo imene yalowa m'mafoni a dziko lonse n'kovuta kuposa kulondola mbuzi yosochera.

Chaka chatha mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira zaulimi ku Bunda, adabwera kumudzi pa tchuthi ndi gitala ya nsambo za nayiloni. Adaphunzira yekha, pa intaneti, usiku anzake akuonera mpira. Kudzanja lamanja adasunga zikhadabo zazitali, zozisalaza bwinobwino, poti oimba gitala ya mtundu umenewu amakodola ndi chikhadabo. Kale nsambo zake zinkapangidwa ndi matumbo a nkhosa. Nayiloni idabwera nkhondo yachiwiri itatha. Nditamva zimenezi ndidaseka, pokumbukira kuti nafenso tili ana tinkamangira banjo zathu za zigubu ndi ulusi wa nayiloni, mawaya a buleki ya njinga akasowa.

Mayi anga, amene ndi agogo ake, adayamba ndi zikhadabozo.

"Amunanga, zikhadabo ngati mphamba chonchi, mukapalira nazo?"

Mnyamata adangomwetulira. Adatenga njerwa n'kupondapo ndi phazi lamanzere, gitala pantchafu, khosi lake litaloza kumwamba. Adati aimba Recuerdos de la Alhambra, ya Tárrega yemwe uja. M'nyimbo imeneyi zala zitatu zimathamangitsana pa nsambo imodzi mofulumira kwambiri moti khutu limamva ngati liwu limodzi lonjenjemera, losaduka, pamene chala chamanthu chikuyenda pansi mwapang'onopang'ono. Adaimba bwino ndithu, mwana wa mlongo wanga. Kabaza wa njinga yamoto atadutsa kumsewu, nyimbo yonse idamira, n'kuvuukanso fumbi litatsika. Mayi adali kuswa mtedza m'lichero, osakweza mutu. Itatha padali zii. Kenaka adati:

"Mwatha kuchuna? Yambanitu nyimboyo."

Tidaseka mpaka misozi, koma mayiwo sadali kunyoza. Kwa iwo nyimbo ndi imene wina amayambitsa ena n'kuvomera. Yopanda mawu, yopanda polowera mnzako, yoti onse mungokhala duu kuyang'ana zala za munthu mmodzi, ikadali panjira, siidafike. Ndipo kunena zoona, gitala imeneyi singachezere gule ngakhale itakhala ndi nyimbo chikwi. Liwu lake n'la m'nyumba. Pabwalo mbalule mmodzi angaimeze yonse.

Mnyamata sadakhumudwe. Adati, "Agogo, nanga iyi?" Adayamba kukodola kanyimbo kapamtondo kamene mayi ankaimba ife tili ana, kamene iye adakamva kwa amayi ake n'kukakonza yekha pa gitala kusukulu: liwu la woyambitsa pa nsambo zazing'ono, kugunda kwa munsi pa nsambo yaikulu. Manja a mayi adaima m'lichero. Adamvetsera ndime imodzi, yachiwiri, n'kukweza chala.

"Apo mwathamanga. Munsi sugwa choncho. Umayamba wakwera."

Mnyamata adali atayeza nyimboyo ndi kowerengera kugunda ka m'foni, kamene kamagunda mofanana ngati wotchi. Mayi adaika lichero pambali n'kuyamba kumenya ntchafu ndi chikhato, kusonyeza mmene misi iwiri imalandizirana mumtondo umodzi, wina ukutsika wina ukukwera, ndi kampweya kamene wosinja amakoka pakati. Adayesa, adalakwa. Adayesanso. Kachisanu kapena kachisanu ndi chimodzi zidagwirana, ndipo mayi adalowa ndi mawu, liwu lawo laukalamba likunjenjemera pamwamba pa nsambo. Mayi wa nyumba yoyandikana adabwera kudzapala moto, osabwereranso. Wina adati kwawo kwa Chiseka nyimboyi amaikhotetsa mwina, n'kuonetsa. Padabuka mkangano, mnyamata n'kuyesa njira zonse ziwiri. Nsima idaphikidwa mochedwa tsiku limenelo. Mwezi udatuluka, udakwera, ife tikadali pa kanyimbo komweko. Wovina padalibe.

Anthu atabalalika ndidalowa m'nyumba yakale ya atsibweni ndi tochi, n'kutsitsa gitala ija kudenga. Mavu adamangamo, khosi lidapindika, nsambo zitatu zotsala zidadyedwa ndi dzimbiri. Ndidamuuza mnyamata kuti pa thabwa limeneli padali nyimbo imene ndikufuna aitole. Adati, "Tang'ung'udzani, atsibweni, ndiyesa." Ndidang'ung'udza. Mayi nawo adathandiza, poti mwini nyimboyo adali mlongo wawo. Zimene tidatulutsa tonse awiri zidali zofanana: njira ija ya chala chamanthu, kupita n'kubwera. Mnyamata adaigwira m'mphindi ziwiri, n'kutiyang'ana kudikira zotsala. Zotsalazo padalibe amene adazisunga. Atsibweni adamwalira chaka cha njala ya 2002, m'mudzi mulibe foni ngakhale imodzi, ndipo Tracey kapena Kubik sadadutseko kwathu.

Inu amene mukuwerenga, ngati kwanuko, ku Mitundu, ku Nathenje kapena kwina kulikonse, kuli mkulu amene gitala yake, banjo kapena kaligo zili kudenga, mugulireni mawaya mukapita m'tauni. Foni muli nayo m'thumba. Mujambuleni madzulo ano, ndipo ngakhale akakuuzani kuti ali ndi nyimbo imodzi yokha, mubwererenso mawa mukaijambule kachiwiri.